Anapita ndi timawanga, dokotala n'kumufunsa za mumtima: kodi anamulakwira?



Lero ndikufuna tiganizire limodzi funso limene landikhala pamtima kwa zaka zingapo. Munthu wapita kwa dokotala wa matenda a pakhungu, wanena yekha chimene akufuna, ndalama ali nazo m'manja. Kodi dokotalayo ali ndi ufulu woyamba kumufunsa za mumtima mwake? Kapena kumeneko n'kulowerera za eni? Poyamba yankho langa linali lachidule: n'kulowerera basi. Panopa ndinasintha maganizo, ngakhale pali mbali ina imene ikundivutabe. Nkhaniyi ndi yaitaliko, pepani, thirani kaye tiyi.

Pamene ndinkaphunzira ku Cairo ndinkakhala ku Nasr City, m'nyumba imodzi ndi atsikana anzanga anayi. Mmodzi mwa iwo anali wa ku Sudan. Dzina sinditchula, ndipo zina ndazisiya dala kuti asadziwike. Anali mtsikana wanzeru, wa mawu okoma powerenga Qur'an, woti mayeso akayandikira tonse timakhamukira kwa iye. Pa tsaya lake lakumanzere panali timawanga tiwiri totsalira ziphuphu zitapola. Ndikunena zoona, ine ndinatiwona atachita kundilozera ndi chala, nditayatsanso tochi ya pafoni. Koma kwa iye timawanga timeneto ndiye tinali nkhope yake yonse.

M'mawa amalowa m'bafa n'kukhalamo pafupifupi ola lathunthu, enafe tikudikira panja kuti tipange wudhu, nthawi ya Fajr ikutha. Pagalasi amayang'ana cham'mbali, n'kutembenuka, n'kuyang'ananso. Mafuta ndi makirimu anadzadza shelefu yonse, ena ogula ku famase, ena oyeretsa khungu ogula mobisa. Chithunzi cha pagulu samalola, ndipo wina akamujambula mwangozi amachonderera mpaka chifufutidwe. Patsiku amandifunsa kasanu kapena kupitirira kuti, "Iwe, lero tikuoneka kwambiri eti? Usandinamize." Kenako anayamba kujomba m'kalasi. Kenako anayamba kuvala niqab. Tonse tinati Masha Allah, mwana wakula mu Deen. Tsiku lina usiku anandiuza akulira kuti, "Mchemwali, ndikuopa Allah. Anthu akunditamanda, koma ine ndavala kuti asandione tsayali." Sindikunyoza niqab ayi, alongo ambiri amaivala ndi mtima woyera. Ndikungonena zimene iye anandiuza, ndi mmene kutamanda kwathu kunamuwonjezera katundu wina pamwamba pa umene anasenza kale.

Madokotala awiri a khungu anali atapitako kale. Kwa wachitatu ndinamuperekeza ine. Amafuna laser, ndalama anali atasunga kwa miyezi, akudzimana ngakhale chakudya chamasana. Dokotalayo anali mayi wachikulire. Anamuyang'ana patsaya bwinobwino, kenako anamupatsa pepala limodzi la mafunso m'Chiarabu kuti ayankhe. Mafunso ake anali ochepa. Kodi pali mbali ya thupi lanu imene mumaiona kuti ili ndi chilema? Kodi mumaiganizira kwambiri mpaka kulakalaka mukanatha kusiya? Patsiku imakudyerani maola angati? Kodi imakulepheretsani sukulu, ntchito kapena kucheza ndi anthu? Mnzangayo atafika pa funso la maola, cholembera chinaima. Analemba kuti opitirira atatu, misozi ikugwera papepala. Dokotala anawerenga, anacheza naye kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Mwana wanga, lero laser sindichita. Ululu wako ndauona, ndi weniweni, koma makinawa sangauchotse. Ndikufuna ukaonane ndi mnzanga wina wa za maganizo, kenako ubwerenso kwa ine."

Abale anga, ine ndinakwiya koopsa. M'minibasi pobwerera ndinalankhula zambiri. Ndinati mayiyu wamuyesa wamisala. Ndinati akanakhala mwana wa bwana wina wa ku Zamalek sakanamupatsa kapepala kameneko. Mnzangayo sanayankhe kanthu, anangoti zii kuyang'ana pawindo.

Patapita nthawi ndinayamba kuwerenga kuti ndimvetse chimene dokotala uja anaona. Matendawa pa Chingerezi amawatchula kuti Body Dysmorphic Disorder, mwachidule BDD. Munthu amatanganidwa ndi chilema cha pathupi lake chimene ena sachiona, kapena amachiona kuti n'chaching'ono kwambiri, ndipo maganizowo amamukakamiza kuchita zinthu mobwerezabwereza: kudziyang'ana pagalasi, kudzitsina khungu, kudzibisa, kudziyerekeza ndi ena, kufunsafunsa ngati akuoneka bwino. Si matenda obwera ndi Instagram ngati mmene ena amaganizira. Dokotala wa ku Italy, Enrico Morselli, anawafotokoza kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 2013 buku la madokotala a maganizo a ku America lotchedwa DSM-5 linawaika m'gulu limodzi ndi matenda a OCD, ndipo mndandanda wa matenda wa WHO, ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, unawapatsa malo awoawo. Amagwira anthu pafupifupi 2 mwa 100 aliwonse, amuna ndi akazi omwe, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata, ambiri asanakwane zaka 18. Zodandaulitsa kwambiri zimakhala khungu, tsitsi ndi mphuno.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto la matendawa n'lakuti wodwala amatsekuladi chitseko, koma cha chipinda china. Iye amakhulupirira ndi mtima wonse kuti vuto lili pakhungu, ndiye amapita kwa dokotala wa khungu kapena wa opaleshoni yokonza maonekedwe. N'chifukwa chake m'zipatala za khungu chiwerengero chimakwera kufika pafupifupi mmodzi mwa odwala 10. Kafukufuku wina amene anachitika pakati pa odwala khungu ku Riyadh, ku Saudi Arabia, n'kufalitsidwa mu 2020, anapeza kuti pafupifupi 14 mwa 100 anali ndi zizindikiro za matendawa. Tangoganizani: dokotala akaona anthu 30 patsiku, atatu kapena anayi mwa iwo akhoza kukhala ngati mnzanga uja. Pepala la mafunso lija ndiye njira yowazindikirira. Lodziwika kwambiri ndi BDDQ, limene anakonza Katharine Phillips, dokotala wa maganizo wa ku America, ndipo pali mtundu wake wina wokonzera zipatala za khungu. Ku Britain, bungwe la NICE linalangiza kale mu 2005 kuti anthu ofuna chithandizo cha khungu kapena chokonza maonekedwe azifunsidwa mafunso ngati amenewa. Pepalali silinena kuti munthu akudwala. Limangoti, uyu tikhale naye pansi ticheze naye mofatsa.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhani ya Chiarabu ili yofunika? Mafunsowa analembedwa m'Chingerezi. Kuti agwire ntchito m'chilankhulo china, akatswiri amawamasulira, kenako munthu wina amene sanaone oyambirirawo amawabwezera m'Chingerezi kuti aone ngati tanthauzo lasochera, kenako amawayesa pa odwala enieni. Ku Chiarabu kuli mavuto ake. Zolembedwa zimakhala m'Chiarabu cha fusha, pamene munthu akamva kuwawa amadandaula m'Chiarabu cha kwawo, cha ku Cairo, cha ku Khartoum kapena cha ku Casablanca. Ndiyeno pali mawu amodzi amene anandiimitsa. Pepala lija, ponena chilema, linagwiritsa ntchito mawu oti ayb. Amene munaphunzirako Chiarabu mukudziwa kuti ayb ndi chilema cha chinthu, komanso ndi mawu amene mayi amakalipira mwana akachita zochititsa manyazi. Ndiye mtsikana akafunsidwa ngati ali ndi ayb pathupi pake, khutu lake limamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Wina angayankhe kuti ayi chifukwa cha manyazi okha. Winanso angaope kuti kuvomera ndiye kudandaula ndi chilengedwe cha Allah. Apa mpamene ndinazindikira kuti mmene funso lafunsidwira n'zofunika mofanana ndi funsolo.

Tsopano tibwerere ku mkwiyo wanga wa m'minibasi, chifukwa sunali wopanda maziko. Ndinali ndi zifukwa zitatu, ndipo chilichonse ndachiyeza kangapo.

Choyamba, ife tinaleredwa kuti kufufuza zobisika za munthu n'koletsedwa, ndipo kumubisira mnzako zochititsa manyazi ndi khalidwe la Msilamu. Ndiye dokotala akamakumba za mumtima pamene munthu wabwera ndi za patsaya, si kufufuza kumeneko? Nditaganiza bwino ndinaona kuti kufufuza koletsedwa kuja n'kofuna kupeza cholakwa cha munthu iye asakufuna, kuti umunyoze kapena umuulule. Dokotala uja anafunsa maso ndi maso, mnzangayo anali ndi ufulu wosayankha, ndipo yankho linathera m'chipinda momwemo. Dokotala wa mano akaona chotupa chokayikitsa pa lilime, sitinena kuti walowerera akatiuza. Timanena kuti ndi wokhulupirika pa ntchito yake. Chimene chinandipweteka ine n'chakuti chotupa cha mnzangayo chinali m'maganizo, ndipo ine mwini ndinkaona matenda a maganizo ngati chinthu chamanyazi. Manyaziwo anali anga.

Chachiwiri, nkhope ndi yake, ndalama ndi zake, munthu wamkulu. Dokotala akane bwanji? Ichi ndi chifukwa champhamvu, chifukwa ufulu wa wodwala si nkhani yamasewera. Koma ufulu wopempha sukakamiza dokotala kuchita chimene akudziwa kuti sichithandiza. Zimene akatswiri apeza n'zakuti anthu odwala BDD akachitidwa laser kapena opaleshoni, ambiri sakhutira. Ena amaona ngati awonongedwa kuposa kale, ena nkhawa imangosamuka kuchoka patsaya kupita pamphuno. Ndalama zimatha, khungu limatopa, mtima uli pomwepo. Ndipo pali choopsa chenicheni: mwa odwala matendawa amene anafika kwa madokotala a maganizo, ochuluka anaganizapo zodzipha, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anayesapo. Madokotala awiri oyamba aja analandira ndalama za mnzangayo mwaulemu, osamufunsa kanthu, ndipo ine ndinkawaona ngati abwino. Wachitatu anataya kasitomala tsiku limenelo. Ndani mwa atatuwa anasunga amana?

Pa mfundo imeneyi ma ulama athu anaikapo kale maganizo. Mbiri ya swahaba Arfaja ibn As'ad timaidziwa: mphuno yake inadulidwa pankhondo Chisilamu chisanafike, anaika ya siliva n'kuyamba kununkha, ndipo Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, anamulola kuika ya golide. Kukonza chimene chawonongeka n'kololedwa. Mu 2007, ku Putrajaya m'dziko la Malaysia, International Islamic Fiqh Academy inagamula za maopaleshoni okonza maonekedwe. Inalola kukonza zilema zobadwa nazo ndi zobwera chifukwa cha ngozi kapena kupsa, komanso kuchotsa chilema chimene chikumuzunza munthu m'thupi kapena m'maganizo, pokhapokha phindu lipose kuipa kwake. Inakana kusintha thupi labwinobwino pongotsatira zilakolako kapena kutsanzira ena. Nanga mnzanga uja tingamuike mbali iti? Kuzunzika m'maganizo anali nako, kwakukulu. Zilakolako za kukongola sizinali zimene zimamuyendetsa, iye ankangofuna kuoneka ngati anthu ena onse. Koma laser sikanachotsa kuzunzikako. Popanda kufunsa mafunso aja, dokotala sangasiyanitse munthu amene chithandizo cha khungu chingamupumuze ndi amene chingamulowetse m'dzenje lozama. Choncho kufunsako ndi mbali ya kuyeza phindu ndi kuipa.

Chachitatu ndi chimene mpaka lero sichinandichokere. Mnzangayo anali wakuda ngati ine. Aliyense wakuda amene anakhalako ku Cairo akudziwa mawu amene anyamata ena amakuponyera mumsewu, samara, shokolata, ndi ena oti sindingalembe pano. Aigupto ambiri anatilandira ngati ana awo, zimenezo sindingakane, koma mawu a mumsewu aja analiponso. Kwawo ku Sudan nako, mtsikana wakhungu loyera ndiye amatamandidwa pa ukwati, ndipo makirimu oyeretsa khungu amagulidwa kwambiri. Ndiye ngati dziko lonse likukuuza tsiku ndi tsiku kuti khungu lako lili ndi vuto, iwe n'kukhulupirira, wodwala ndi ndani? Iwe kapena dzikolo? Ndimaopa kuti pepala la mafunso likhoza kutenga tchimo la anthu ambiri n'kulilemba pa fayilo ya munthu mmodzi ngati matenda ake.

Yankho limene ndafikapo ndi ili. Tonse m'nyumba muja timamva mawu omwewo mumsewu. Amatipweteka, timalira nthawi zina, koma m'mawa timadzuka n'kupita kukalasi. Mnzathuyo yekha ndi amene anatsekeredwa m'bafa. Mphepo inatiomba tonse, koma iye inamugwetsa, ndipo munthu wagwa samuuza kuti adikire mphepo isiye kaye. Amafunika kudzutsidwa lero. Komabe dokotala akamudzutsa, mphepo ija imakhala ikadalipo, ndipo imeneyo si ntchito ya dokotala. Ndi yathu. Kunonso kwathu timadziwa mmene timayamikirira khanda kuti latuluka loyera, mmene timasekera mnzathu kuti wada ngati makala, mmene mafuta oyeretsa khungu amagulitsidwira m'misika. Tikamatero timathandiza kupanga odwala amene mawa adzapatsidwe pepala lija.

Palinso chenjezo limodzi kwa amene amafunsa. Kumufunsa munthu za bala lake kenako n'kumusiya pakhomo ndi nkhanza. Dokotala uja akanangoti laser ayi, pita, mnzangayo akanangolowa kwa dokotala wachinayi. Chimene anachita bwino n'chakuti sanamuuze kuti palibe chilichonse patsaya pake, sanamuseke, anamulembera kumene angapite, ndipo anamuuza kuti abwerenso. Chithandizo chilipo ndithu: uphungu wotchedwa CBT, umene umaphunzitsa munthu kuchepetsa kudziyang'anayang'ana ndi kubwerera pang'onopang'ono pakati pa anthu, komanso mankhwala a gulu la SSRI monga fluoxetine, amene amalembedwa ndi dokotala. Kufunsa kumakhala chifundo ngati wofunsayo wakonzeka kusenzako yankho.

Ndisanamalize ndiulule cholakwa changa, poti n'chimene chandilembetsa zonsezi. Kwa chaka chathunthu, akandifunsa ngati timawanga tikuoneka, ndimayankha kuti, "Wallahi uli bwino, palibe chikuoneka." Ndimaganiza kuti ndikumutonthoza. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kufunsafunsa kuja ndi mbali ya matendawo: yankho limamupumuza mphindi zochepa, kenako ludzu lofunsanso limabwera lokulirapo. Ndikatopa ndimasintha n'kuyamba ulaliki. Ndimamuuza kuti athokoze Allah, ena alibe maso, ena anapsa nkhope yonse, iye akudandaula chiyani? Ndimamuuza kuti awonjezere dhikr. Iye amangogwedeza mutu, n'kupita kukagona ndi zinthu ziwiri: tsaya lija, ndi chikhulupiriro choti ndi kapolo wosayamika. Allah andikhululukire.

Chodabwitsa n'chakuti ife Asilamu chinthu chofanana ndi ichi timachidziwa kale. Tonse tinamuonapo m'bale amene amabwereza wudhu kasanu, kakhumi, akukayika ngati madzi afika pachigongono. Timati ali ndi waswas, ndipo sheikh wanzeru samuuza kuti imaan yake ndi yochepa. Amamuuza kuti asabwereze, apite akaswali ngakhale mtima ukukayika. M'Chiarabu cha madokotala, OCD amaitchula kuti waswas qahri, waswas wokakamiza. Ndipo zaka zoposa 1,000 zapitazo, katswiri wachisilamu Abu Zayd al-Balkhi, m'buku lake Masalih al-Abdan wa al-Anfus, analemba za maganizo okakamira otere ngati matenda ofunika chithandizo mofanana ndi matenda a thupi. Mnzanga uja anali ndi waswas wa pagalasi. Akanakhala wa pa wudhu ndikanamumvetsa tsiku loyamba. Poti unali wa pankhope, ndinauyesa kudzikonda. Chonsecho munthu wodzikonda amakondwera akadziona, pamene iye galasi limamuliza.

Kwa dokotala wa maganizo uja sanapite msanga. Panatha miyezi iwiri, ndipo ine ndi amene ndinamuchedwetsa ndi mkwiyo wanga uja. Atayamba kupita, zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Chimene ndinaona n'chakuti nthawi ya m'bafa inayamba kuchepa, ndipo tinagwirizana kuti akandifunsa za tsaya ndizimuyankha kuti, "Funso limenelo tinapangana kuti sindiyankha, koma ndili pano." Masiku oyamba amandikwiyira. Mayeso a chaka chimenecho analemba. Niqab sanavule, ndipo anandiuza kuti tsopano akuphunzira kuivala pa chifukwa chimene anthu ankaganiza poyamba. Masiku ovuta amabwerabe, timalemberana pa WhatsApp.

Ndiye pa funso lija, yankho langa lero ndi lakuti dokotala uja sanamulakwire. Anali munthu woyamba pa chaka chonse kumufunsa kuti zimenezi zikukudyera maola angati, pamene ife okhala naye nyumba imodzi, amene timawerenga maolawo titaima pakhomo la bafa, sitinamufunsepo.

Ngati mwawerenga izi n'kudziona nokha, m'bale kapena mlongo wanga, si kuchepa kwa imaan ndipo si misala. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo kaonaneni ndi achipatala. Kwa amene muli ku Malawi, m'zipatala za boma za m'maboma mumapezeka anamwino a za maganizo, kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati maganizo odzipha akubwera, musadikire mawa, uzani wina lero lomwe. Ndipo ngati mwamuona mnzanu m'nkhaniyi, musamutage m'makomenti chonde. Mupezeni pa yekha.

Ndikufuna ndimve kwa inu, makamaka amene muli ku zachipatala ndi ma sheikh athu: funso ngati lija tingalifunse bwanji m'Chichewa kapena m'Chiyao, moti munthu ayankhe zoona popanda kumva ngati tamuvula? Lembani m'munsimu.

Allah achiritse odwala athu, amene matenda awo amaoneka ndi amene saoneka. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullah.